Mzere Umene a Nicholas Sanalembe

Ine ndinanena. Tsiku lomwe makompyuta aja anafika ku tchalitchi chathu cha ku Kachinga, kuseri kwa Nsaru, ndinanena pamaso pa komiti yonse, ndiye wina asadzaname kuti Mable sanachenjeze.

Anali makompyuta asanu akale amene bungwe lina la ku Lilongwe linatipatsa, kuphatikiza ina yaikulu yosunga zolemba za onse. Tinawaika m'kachipinda ka kumbuyo kwa holo, magetsi ake a dzuwa. Poti m'mudzi monse amene anapitako kusukulu ya makompyuta ndinali ine ndekha, ntchito yowasamala inagwera ine.

Munthu aliyense ndinamupatsa dzina lake ndi pasiwedi yake yolowera. Koma m'kompyuta yaikuluyo muli kafayilo kena kamene imawerenga munthu akangolowa, ndipo m'menemo mumakhala nambala ya madijiti atatu yotchedwa umask. Nambala imeneyi ndiyo imagamula kuti chilichonse chatsopano chimene munthuyo alembe, anzake angachite nacho chiyani: kungochiwerenga, kuchisintha, kapena kusachitsegula n'komwe. Ndinawafotokozera a komiti zonsezi m'Chichewa chomveka bwino, ndipo ndinati tiike yoti wina aziwerenga za mnzake koma osasintha.

A Jailosi, wapampando wathu, anapukusa mutu ndisanamalize n'komwe.

"Mwana wanga, kuno si ku tauni," anatero. "Ife muno ndife banja limodzi. Ukadutsa pamunda pa mnzako n'kuona mbuzi ikudya chimanga, umadikira mwini munda? Wina akalakwitsa, mnzake azimukonzera. Tsegula zonse."

"A Tcheya, zidzativuta."

"Mutu umodzi susenza denga, Mable. Tsegula."

Komiti yonse inavomereza ndi mitu. Ndinalemba maziro atatu, kutanthauza kuti palibe choletsedwa, n'kusunga. Mumtima ndinati chabwino, walira mvula walira matope.

Kunena zoona, chaka chathunthu zinayenda bwino mpaka ndinayamba kuchita manyazi ndi mawu anga aja. Onse ankasunga zolemba zawo m'foda imodzi yotchedwa Zathu. A kwaya ankakonzerana mawu a nyimbo, aphunzitsi a kupulayimale ankabwerekana manotsi. A Jailosi akandipeza panjira ankati, "Mavuto ako aja afika liti, mayi wa makompyuta?" Ine kungoseka, mano okha.

Ndiye kunabwera nkhani ya chikondwerero. Tchalitchi chathu chinamangidwa mu 1975, ndipo mu Ogasiti chinali kukwanitsa zaka makumi asanu. Komiti inapempha a Nicholas, akatekisiti athu akale, kuti alembe mbiri yake n'kudzaiwerenga okha pa tsikulo. Panalibenso wina woyenera. Iwo analipo kuyambira pa njerwa yoyamba, ali mnyamata wongokwatira kumene, ndipo anthu ankati mutu wa a Nicholas sutaya kanthu. Ukawafunsa chaka chimene unabatizidwa ankakuuza, n'kuwonjezanso kuti unalira bwanji.

Ndinati ndiwalembere, iwo azingonena. Anakana.

"Ndilemba ndekha. Ukangondionetsa pokanikiza basi."

Abale inu, ndinaona zinthu! Miyezi itatu, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, agogo aja ankafika pa njinga yawo, kuvula chipewa, kupukuta magalasi, n'kuyamba kusaka zilembo ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga m'mchenga. "Mable, Z wathawira kuti lero?" Ine n'kuwalozera. Patapita mphindi zisanu, "Mable, wathawanso." Ndinkawaseka kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, iwo n'kuyankha kuti sakuswa nsabwe, akulemba mbiri. Ndinkawakonda kwambiri agogo amenewa, ndisabise.

Anamaliza Lachisanu lina kumayambiriro kwa Julayi, masamba atatu. Lamlungu lake pa zolengeza anaimirira n'kuuza mpingo wonse monyadira kuti mbiri yatha, ili m'kompyuta. Lolemba kachipinda kanga kanadzaza. Anthu amene anali asanabwereko kuyambira Pasaka anatulukira, ena kundifunsa pasiwedi zawo zimene anaiwala kalekale. Ine chitsiru ndinkangosangalala kuti anthu ayamba kukonda makompyuta.

Lachisanu lotsatira a Nicholas anabwera kudzayeseza kuwerenga. Ine ndinali kulimbana ndi pulinta imene inali itameza pepala. Ndinamva akundiitana, koma mawu ake sanali a masiku onse.

"Mable, tabwera. Kodi ichi ndinalemba ine?"

Ndinasuzumira. Panalembedwa kuti a Chikoti anapereka ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ya njerwa.

"A Chikoti analibe ngakhale mbuzi," anatero, akulankhula ngati okha.

Manja anga anali bii ndi inki, mutu uli pa pulinta. Ndinayankha mosaganiza, ndipo mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

"Ngati chili m'fayilo yanu, agogo, ndiye kuti munalemba ndinu."

Anawerengabe pang'ono, kenako anatuluka m'kompyuta monga ndinawaphunzitsira, kuvala chipewa, n'kupita osatsanzika. Lachiwiri anabweranso, anakhala mphindi khumi zokha. Lachisanu sanabwere. Sabata yotsatira a Jailosi anandiuza kuti a Nicholas atumiza uthenga woti komiti ipeze wina wowerenga mbiri, iwo sangathe.

Ndinakwera kabaza masana omwewo. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza m'lichero, ali okha, poti mayi a kunyumba kwawo, a Elizabeti, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Tinalonjerana, ndinakhala pamkeka n'kuyamba kusenda nawo. Ndinadikira mpaka anayamba okha.

"Akulu anga a Owen unawaona, eti?"

"Ndinawaona ndili wamng'ono."

"Anayamba chonchi. Kuchita chinthu, mawa osachidziwa. Mapeto ake tinkakawatola ku msika wa Nsaru akufunsa anthu njira ya kwawo." Anaswa mtedza wina, osaudya. "Ndatsegula pepala langa lija, ndapeza zinthu zimene sindikumbuka kuti ndinalemba. Zina n'zabodza zenizeni, Mable. Ine kulemba bodza za nyumba ya Mulungu, n'kuiwalanso kuti ndalemba? Mutu wayamba kuchoka. Ndisakaime pamaso pa anthu ndi ansembe n'kukachita manyazi. Anthu azindikumbuka mmene ndinalili."

Pomwepo m'pamene maziro atatu aja anandibwerera m'mutu.

"Agogo, musauze wina aliyense zimenezi. Mundipatse masiku awiri."

Nditafika kuholo sindinavule n'chitenje chomwe. Ndinatsegula fayilo ya a Nicholas. Masamba khumi ndi anayi! Ndinayang'ana nthawi imene inasinthidwa komaliza: dzulo lake, itangokwana 3 koloko masana, pamene mwini wake anali atatha sabata yathunthu osaponda pakhomo pano. Ndinatenga fulashi imene ndimakoperamo zonse Lachisanu lililonse, n'kutsegula ya tsiku limene anamaliza. Masamba atatu, oyera bwino.

Ndinawerenga masamba khumi ndi anayi aja ndili ndi mkwiyo, komanso ndikuseka, poti zina sukanatha kupirira. Mabanja asanu ndi awiri osiyanasiyana anali ataika mwala woyamba. Belu limodzi lomwe lija linagulidwa ndi anthu anayi. Wina analemba kuti agogo ake anasenza mtanda wa denga okha kuchokera ku Nambuma, wapansi. Ndipo aliyense analemba motsanzira kalankhulidwe ka a Nicholas, mpaka mawu awo aja oti "monga tikudziwa tonse". Palibe amene anafufuta za mnzake. Aliyense ankangowonjezera zake mwaulemu pansi pake.

Ndikakwiya sindiganiza, amayi anga amanena. Ndinatsegula kafayilo kolowera kaja, kufufuta maziro, n'kulemba 077. Imeneyo ndi yotseka zonse, chimene walemba ndi chako wekha, mnzako sangachione. Ndinati aone tsopano banja limodzi lija. Ndinakhoma chitseko n'kupita kunyumba mtima uli mbee.

M'mawa mwake chisokonezo. Woyamba kudandaula anali mayi Benedeta, amene amatsogolera kwaya. Mlembi wa kwaya anali atalemba nyimbo yatsopano ya chikondwerero m'mawa womwewo, koma iwo poti aitsegule, kompyuta inakana.

"Mable, chinthu chakochi chayamba mwano. Chikuti ndilibe chilolezo. Ine? Chilolezo cha nyimbo yanga yomwe?"

A Jailosi nawo analemba kalata yoitanira mipingo ina, mlembi wa komiti osatha kuiona. Ndinangoti manja lende, ndikumva kukoma. Koma kukomako kunatha nditatsegulanso mbiri ija madzulo. Masamba khumi ndi asanu! Wina anali atawonjezamo kuti azakhali ake ndiwo anaphika thobwa la tsiku lotsegulira.

Ndinadzimenya pamphumi. Nambala ija imagwira zinthu zatsopano zokha, zolembedwa munthu atalowa nambalayo itasintha kale. Fayilo yakale imakhala ndi chilolezo chimene inabadwa nacho mpaka utaisintha payokha. Zimenezi ndinaphunzira, ndinalembanso mayeso n'kukhoza. Ndiye kuti ndinatsekera anthu osalakwa nyimbo yawo, pamene khomo la a Nicholas linali chitsegukire. Ndinakonza msangamsanga. Ndinabwezeretsa masamba atatu aja, kuwatseka kuti wosintha akhale mwini wake yekha, ndipo masamba khumi ndi asanu ndinawasindikiza papepala. Kenako ndinapita kwa a Jailosi kukapempha msonkhano wa onse ogwiritsa makompyuta, Loweruka m'mawa.

Loweruka ndinakawatenga ndekha a Nicholas. Anakana kawiri, kachitatu anavala jekete. M'holo munali anthu pafupifupi makumi atatu. Ndinaimirira kutsogolo ndi mapepala anga, ndipo sindinazungulire.

"Agogo a Nicholas analemba masamba atatu. Awa ndi khumi ndi asanu. Enawa analemba ndani?"

Wina anayamba kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. A Jailosi anatsokomola.

"Ndikufunsa," ndinapitiriza, "chifukwa agogowa akhala milungu iwiri osagona, akuganiza kuti mutu wawo wasokonezeka. Akuganiza kuti analemba okha n'kuiwala."

Pamenepo holo yonse inati haa! Mayi wina anagwira pakamwa. A Nicholas anandiyang'ana, kenako anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi.

"Ndiye kuti... si ine?"

"Si inu, agogo. Ngakhale mzere umodzi."

A Jailosi anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Munthu wamkulu thupi, koma tsiku limenelo anachepa.

"Bambo Nicholas, ine ndinaikamo kamzere kamodzi. Ka bambo anga, kuti anakhoma msomali woyamba." Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Sitinafune kukulakwirani. Tinaona kuti mayina ena mulibe. Nanga munthu wamkulu ngati inu, mwana angabwere n'kukuuzani m'maso kuti mwaiwala? Tinati tingokonza mwakachetechete, ulemu wanu usachoke."

"Ulemu umenewo ukanandipha," anatero a Nicholas.

Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka anavula magalasi, misozi ili mbwee, anthu n'kuyamba kuseka nawo mwamanyazi. Atapuma anandikodola.

"Werenga, Mable. Werenga zonse, ndimve zimene ndinalemba ndili mtulo."

Ndinayamba ndi ng'ombe za a Chikoti.

"A Chikoti anabwera tsiku limodzi lokha," anatero a Nicholas, "Loweruka limene tinapha mbuzi. Anadya, anayamika, anapita."

Mdzukulu wa a Chikoti anabisa nkhope m'chipewa, anzake akumugogoda pamsana. Ndinawerenga za msomali woyamba.

"Jailosi, bambo ako anakhomadi msomali. Unapindika. Wachiwiri anadzikhoma chala, tinawamanga ndi nsanza ya malaya a mnzathu Gladson. Koma anagwira ntchito mpaka denga linatha, ndipo dzina lawo lili pa tsamba lachiwiri. Ukanawerenga bwino usanathamangire kulemba."

Za mtanda wochokera ku Nambuma anati unabwera pa thirakitala ya ku mishoni, ndipo agogo a munthuyo anakwera pamwamba pake atanyamula nkhuku. Belu anati linaperekedwa ndi masisitere, ndipo linali long'aluka kale, n'chifukwa chake limalira ngati lili ndi chimfine. Mzere uliwonse ankauyankha ndi tsiku lake, ndi amene analipo, ndi chimene chinadyedwa. Anthu anali kugwa ndi phwete. Ine ndinkangowayang'ana agogo aja akuwongoka pampando, mawu awo akubwerera mwakale, ndipo ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala kuti ndinabwera wokwiya.

Ndinafika pa tsamba lachisanu ndi chinayi. Ndinawerenga ndisanaone bwino chimene ndikuwerenga.

"Madzi onse oumbira njerwa anatungidwa ndi amayi kudambo, motsogozedwa ndi mayi Elizabeti, amene sanajombe ngakhale tsiku limodzi kwa masiku makumi atatu."

Kuseka kunatha. A Nicholas anayang'ana pansi.

"Uwu si wabodza," anatero. "Ndipo sindinauiwale. Ndinausiya dala. Mwamuna angaime kutsogolo kwa mpingo n'kumatama mkazi wake? Anthu angati chiyani?"

Mayi Benedeta anaimirira. Iwowa saopa munthu, ngakhale ansembe amawadziwa.

"Ndinalemba ndine, bambo, ndipo sindipepesa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinkayenda pambuyo pawo ndi kandowa kanga. Mwalemba oumba njerwa, mwalemba ootcha, mwalemba okhoma denga. Nanga dothi lija linkadzinyowetsa lokha? Anthu angati chiyani! Anthu akuti lembani."

Amayi onse m'holo anati eee, ena kuwomba m'manja. A Jailosi, pofuna kubweza ulemu wawo, anagamula pomwepo kuti kuyambira tsopano aliyense aziwerenga za mnzake koma asasinthe, ndipo amene ali ndi chowonjezera apite kwa mwini wake akaodire ngati munthu. Anaigamula ngati nzeru yawo yatsopano. Ine ndinangoti, "Mwaganiza bwino, a Tcheya," poti ndinaleredwa. Ndinalowa m'kachipinda, kulemba 022 m'kafayilo kaja, yolola kuwerenga koma osasintha, n'kuuza onse kuti atuluke m'makompyuta n'kulowanso kuti igwire. Nyimbo ya mayi Benedeta ndi kalata ya a Jailosi ndinazitsegula pazokha.

A Nicholas ananditsatira, anthu ali pambuyo pawo kudzaza pakhomo. Analowa ndi dzina lawo, n'kutsegula masamba awo atatu. Anawawerenga onse, milomo ikuyenda, akugwedeza mutu pa mzere uliwonse.

"Awa ndi anga," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Mable, mzere wa Benedeta uja. Taubwezera."

Ndikanatha. Woyang'anira makompyuta ali ndi kiyi wotsegula paliponse, ndipo ikanakhala ntchito ya mphindi imodzi. Koma ndinaika manja kumbuyo.

"Lamulo langokhazikitsidwa kumene, agogo. Fayilo iyi wolemba ndi mwini wake yekha."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ankadziwa kuti ndikuwanamiza, ndipo ankadziwa kuti ndikudziwa. Anakoka mpando, kupukuta chala chija pa jekete, n'kuyamba. Ndinaima pambali kudikira kuti andifunse kumene Z wathawira, koma pa dzina la Elizabeti sanandifunse chilembo ngakhale chimodzi. Analemba za madzi, za dambo, za amayi, mpaka anafika pa masiku. Pamenepo anaima, n'kutembenukira kukhomo.

"Benedeta."

"Bambo?"

"Unalakwitsa. Sanali masiku makumi atatu." Anabwerera ku kompyuta, chala chili m'mwamba. "Anali makumi anayi ndi awiri. Ndinkawerenga."